Kukameta Achimwene ku Dziko la Mchenga

Amayi atamwalira tinameta tonse pansi pa msuku wa kuseri kwa khola. Kwathu kuno, kumunsi kwa Kasina, banja lathu silitaya tsitsi la pamaliro paliponse. Timakumba kadzenje kamodzi, tsitsi la ana onse a malemu n'kulowamo pamodzi, kenaka n'kukwirira. Dzenje likatsekedwa ndiye kuti maliro atha, munthu ukhoza kudzola mafuta ndi kuseka mokweza. Koma tsiku limenelo mng'ono wawo wa amayi, a Nachisale, sanakwirire. Anangotenga mphero yakale n'kuvundikirapo.

"Akulu anga anasiya mawu," anatero akundiyang'ana ine. "Anati dzenje lisatsekedwe tsitsi la Damiano lisanalowemo."

Dzina limenelo tinali titazolowera kulitchula monong'ona. A Damiano ndi achimwene anga, oyamba kubadwa. Anachoka pamudzi mwana wanga woyamba ali kumsana, ndipo pamene amayi ankamwalira n'kuti mwanayo nayenso ali ndi wake kumsana. Anali katswiri wokumba mbewa. Tsiku lina anatenga mipani yawo kupita nayo pa boma, ndipo pachipata cha msika anapeza anyamata a malaya ofiira akufunsa khadi ya chipani. Khadi anali nayo, vuto linali pakamwa pawo popanda chitseko. Ataonetsa khadiyo anakweza mpani wa mbewa n'kufunsa kuti, "Nanga anzangawa alowa bwanji opanda makhadi?" Mnyamata wina anawawaza khofi, iwo anabwezera chibakera, dzino n'kugwa pansi. Pa boma paja Mozambiki ndi kungowoloka msewu, ndiye madzulo omwewo anawoloka, osamvekanso.

Amene anaulula kumene achimwene ankakhala anali a Filipo, amuna a msuweni wanga wa ku Lobi. Iwo ankayendetsa lole yaikulu yopita ku Joni, ndipo poti njira ya ku Tete kunali nkhondo, ankazungulira ku Zambia ndi ku Botswana. Ulendo wina anapatuka kukatunga madzi pa chitsime cha injini chomwetsa ng'ombe, kufupi ndi malo otchedwa Nata, ndipo anamva munthu akutukwana injiniyo m'Chichewa cha kwathu. Anali achimwene, ndipo anawalumbiritsa kuti asauze munthu. A Filipo anasunga mawuwo mpaka tsiku limene anaona mphero ija pa dzenje, pamenepo mtima unawakanika.

Imfa ya mayi salembera munthu m'kalata, komanso makalata a masiku amenewo ankafika atawerengedwa kale. Panafunika munthu woti apite ndi miyendo. Amuna a pamudzi onse anadwala nyamakazi tsiku lomwelo, poti kukacheza ndi munthu wothawa kunali kudziitanira mafunso. Ndiye ndinatsala ine, Malita, amene ndinali ndisanapitirirepo Lilongwe. Kunena zoona, tsitsi lokha silinkandikwanira. Mumtima ndinali nditapangana ndekha kuti ndikabwera nawo eni tsitsiwo, adzakhale pakhonde la amayi n'kumandiseka mano anga a mpata monga kale.

Pasipoti ndinaidikira mpaka tsitsi langa linameranso. M'mawa wa tsiku lonyamuka, chifunga chitaphimba mapiri, a Nachisale anandikhazika pansi n'kundimetanso mpala. "Akakuone mmene tilili kuno," anatero. Lumo lomwelo analikulunga m'kansanza, ine n'kuliika pachifuwa. Pamutu ndinasenza kathumba ka mbatata ya kachewere ya m'dimba la amayi, yomaliza kubzala iwo ndi manja awo.

Pa Linthipe basi inachedwa mpaka chisanu chinatha, ndipo itafika inali yodzaza kale. Ndinaima ndi mwendo umodzi pakati pa dengu la kabichi ndi bambo wina wovala matayala a njinga m'khosi, amene ankandipepesa nthawi iliyonse basi ikagwa m'dzenje. Khadi ndinaionetsa pokwera, ndinaionetsanso potsika, mpaka inafewa ndi thukuta. Lole ya a Filipo inali ku Kanengo itasenza matumba a mtedza. Kutsogolo kwake kunali kutali ngati pakamwa pa nkhokwe, moti ndi chitenje changa ndinachita kukankhidwa ndi mlonda wa pamenepo, a Filipo akuyang'ana kumbali mwaulemu koma mapewa akugwedezeka.

Pa malire a Mchinji tinaswera tsiku lonse kudikira mapepala a katundu. Kuseri kwa ofesi ndinaona mnyamata wina wolowa m'dziko atakhazikidwa pa mpando, akumudula tsitsi ndi sizasi chifukwa linali lalitali kupitirira lamulo. Iye ankangoseka mwamanyazi. Ine maso anali pa tsitsilo, likuuluka ndi mphepo kulowera mu ngalande popanda wolitola, ndipo ndinagwira pachifuwa kuti ndimve ngati lumo lilipo.

Ku Chipata ndinadabwa kumva anthu akuyankhula ngati a kwathu, kungoti iwo lilime amalithamangitsa. Chimene sindinachizolowere ndi migolo ya pamsewu. Ukangoyenda pang'ono, migolo, msilikali n'kusuzumira kutsogolo, kuona kathumba kanga n'kufunsa mwaubale kuti amayi mwatinyamulirako chiyani. A Filipo ankanditsinzinira diso, ine n'kutapa mbatata zingapo ndi mtima wowawa. Pofika pa mlatho wa Luangwa kathumba kanali kataphwa mpaka pakati. M'mapiri a kutsidya lole inkakwawa ngati nkhalamba, ndipo m'maphompho munkaoneka mafupa a malole ena, moti kolona sinachoke m'manja mwanga. Lusaka ndinangomuonera pawindo. Tikaima kuti tigone, ine ndinkalowa pa kabedi ka kuseri kwa mipando, a Filipo n'kuyala pansi pa lole, poti ndi alamu.

Titadutsa Choma ndinalimba mtima kuwafunsa.

"Alamu, achimwene akuoneka bwanji?"

"Ali bwino."

"Ananenepa?"

"Kumene kuja kulibe wonenepa kupatula ng'ombe."

"Nanga ine anandifunsa?"

A Filipo anasintha giya pamalo posafunika kusintha. Kenaka anati, "Alamu, musakayembekezere zambiri. Munthu uja anauma."

Pa Kazungula, pamene amawolotsa magalimoto pa Zambezi ndi chombo chachikulu chaphwatalala, tinapeza mzere wa malole osaoneka kothera. Injini ya chombocho inali itafa, ndipo aliyense amene unkamufunsa ankati mawa. Mawa linafika n'kupita, linanso n'kupita. Madalaivala ankasewera bawo pansi pa malole, amayi a kumeneko akutigulitsa nsomba zowamba. Ine ndinachapa zovala zonse zimene ndinali nazo, ndinachapanso ovololo ya a Filipo imene inali isanaonepo sopo, mvuu zikundiyang'ana patali. Madzi ochuluka chotero ndinali ndisanawaonepo. Ndikadadziwa za kutsogolo ndikadamwa mpaka mimba kuwawa.

Titawoloka, bambo wina wa yunifolomu anatsegula kathumba kanga, nanena zinthu zambiri m'chinenero chawo. A Filipo anamasulira kuti mbatata ya dothi siloledwa kulowa, imanyamula matenda. Ndinapempha, ndinawauza kuti ndi ya malemu amayi, koma bamboyo anangopukusa mutu mwachisoni n'kuloza mgolo wotayamo. Pokhuthula ndinagwetsa imodzi dala pamapazi panga, ndipo pokonza chitenje ndinaimangirira kumsonga. Ndi tchimo lokhalo la paulendowu limene sindinakalape kwa abambo mfumu.

Msewu wa ku Botswana sukhota. Umangopita, mchenga uku mchenga uku, mitengo yaminga ndi udzu wouma, nthawi zina njovu zitaima m'mphepete ngati zikudikira basi. Ine wokulira m'mapiri ndinkangofunafuna ndi maso poti nditsamire, osapapeza. Ndinkadzifunsa kuti munthu wobadwira pa Kasina, wozolowera kudzuka mapazi atanyowa ndi mame, angakhale bwanji kuno zaka zonsezi.

Tsiku lotsatira dzuwa lili paliwombo, kutsogolo kwa lole kunatuluka chiutsi choyera. A Filipo anaimika, natsegula, ndipo nkhope yawo inandiuza zonse. Payipi ya madzi a injini inali itang'ambika. Anaimanga ndi mphira wa tchubu, tinathiramo madzi a m'chigubu chachikulu, tinayenda pang'ono, inaphulikanso. Anamanganso, tinathiramo ena, mpaka tinazindikira kuti tikumwetsa mchenga madzi athu akumwa. Tinatsala ndi kachigubu kamodzi kosadzaza. Lole ina itadutsa, a Filipo anatuma dalaivala wake kuti akauze anzawo ku Francistown atumize payipi, ndipo iye anatisiyira botolo la madzi n'kupita. Katundu sasiyidwa yekha, ndiye tinakhala.

Kudikira kwa pa Kazungula kunali kusewera. Kuno mthunzi unali wa pansi pa lole pokha, ndipo tinkausuntha nawo dzuwa likamayenda. Madzi tinkamwa ndi chivundikiro cha botolo. Milomo inang'ambika, ukali unayamba. Ndinakalipira a Filipo chifukwa choimba mluzu, iwo anandikalipira chifukwa chosamba m'maso. Chimene chinkandiwawa kwambiri n'chakuti iwo anati chitsime cha achimwene sichinalinso kutali, lole ikadakhala yamoyo tikadafika tsiku lomwelo.

M'mawa wina kunatulukira nkhalamba yaifupi kuchokera m'tchire, itanyamula ndodo yaitali kwambiri yolumikizalumikiza, kumsonga kuli ngowe yachitsulo. M'chiuno munkalendewera kanyama kakufa. A Filipo anayesa Chingerezi, sizinamveke, koma atayesa Chilapalapa cha kumigodi nkhalambayo inaseka mano onse, poti nayonso inagwirako ntchito ku Joni. Ine sindinkamva kanthu, maso anga anali pa kanyamako. Ndine mlongo wa wokumba mbewa, mbewa zonse ndimazidziwa, kapuku, chitute, mende, phanya, koma aka kanandisokoneza. Kukula kwake ngati mphaka wamng'ono, ubweya wofiirira ngati mchenga womwewo, maso aakulu. Miyendo yakumbuyo inali yaitali zedi, koma timanja takutsogolo tinali tatifupi, topindikira pachifuwa ngati munthu akupita kukalandira Ukaristiya. Mchira unali wautali kuposa thupi, kumsonga kuli nyenje zakuda.

"Akuti dzina lake ndi ntlole," anatero a Filipo. "Ndi mbewa ya kuno. Siyenda, imadumpha ndi miyendo iwiri."

"Afunseni, imamwa kuti madzi?"

A Filipo anafunsa, nkhalamba inayankha mwachidule.

"Akuti siimwa."

"Bodza," ndinatero. "Chamoyo chanji chosamwa?"

Nkhalambayo inaona kuti ndikutsutsa, ndipo inandikodola. Tinaitsatira pang'ono kuchoka pamsewu. Inagwada pa kaudzu kouma kooneka ngati kakufa, inafukula ndi zala, n'kutulutsa timizu tonenepa tonga ta dawe. Inandipatsa kamodzi. Nditatafuna, kanali kowawira koma m'kati munali monyowa, malovu anabwerera m'kamwa. Madzi a ntlole ndi amenewo, pamodzi ndi mame ngati agwa. Kenaka inationetsa una wake, waukulu woti dzanja n'kulowa. Ndinasuzumira, ndipo patsogolo pang'ono panali potseka ndi mchenga wofewa.

"Akuti imatseka yokha kuchokera m'kati kukamacha," anamasulira a Filipo. "Kunja kuno kukamapsa, m'kati mwake mumakhala mozizira, mpweya wake womwe umanyowetsa m'nyumba. Njoka nayonso imapeza potseka n'kubwerera."

Nkhalamba inalowetsa ndodo yake yonse mu una wina, inapotoza, inamvetsera, n'kuitulutsa yopanda kanthu. Ine magazi a kwathu anandikwera, ndinati bwanji osakumba, achimwene akadakhala pano bwenzi atafika kale pa funkha, chisa chake cha pansi. A Filipo atamasulira, nkhalambayo inandiyang'ana ngati mwana.

"Akuti amene ngowe yamulephera sakumbidwa. Mutaya thukuta loposa nyama yake, ndipo iye atulukira pa mbuli, khomo lake lothawira, kumbuyo kwanu. Akuti mukafuna kumuona khalani pansi, dzuwa likapepa atsegula yekha."

Madzulo ake tinaterodi. A Filipo anatapa mtedza pa thumba lina lobooka n'kumwaza kufupi ndi mauna, ife n'kukhala pa tayala osagwedezeka. Dzuwa litafiira mchenga wa pa una umodzi unayamba kugumuka. Panatuluka mphuno, kenaka makutu, kenaka mwadzidzidzi kanyamako kanalumpha m'mwamba kukagwera patali, kuopa kuti pakhomo pangakhale mdani wobisalira. Ena anatuluka uku ndi uku. Ankadumpha mokhotakhota, mchira ukuwongolera, akaima n'kukhala tsonga, timanja tikutola mtedza mwaulemu. Ndinaseka koyamba chimwalirire amayi.

"Mchirawo ngati litchowa la..." anayamba a Filipo, n'kudukiza. Anacheukira kumanzere, anacheukira kumanja, m'chipululu mopanda munthu ngakhale mmodzi. Tinayang'anana, tonse tikudziwa kuti litchowa la mtsogoleri wa dziko lathu silinali loseweretsa pakamwa.

Nditagona pa kabedi kaja ndinakumbuka kapeta, mbewa yonona ya kwathu. Ndili mtsikana achimwene anandionetsa una wake wotseka m'chilimwe, nandiuza kuti kapeta akatseka chitseko sanafe ayi, wangogona ndi mafuta ake kudikira mvula. Achimwene atathawa, amayi anatenga mawu omwewo. Munthu akawauza kuti aiwale, ankati, "Mwana wanga ndi kapeta, adzatuluka ndi mvula." Ankatero chaka ndi chaka mitambo ikayamba kuda. Koma ntlole sadikira mvula, anaphunzira kukhala popanda. Zimenezo zinandiopsa kuposa ludzu, ndipo ndinalira mwakachetechete kuti a Filipo asamve.

Payipi inabwera ndi lole ya mafuta, pamodzi ndi chigubu chodzaza. Ndinamwa mpaka madzi anatsikira m'khosi kunyowetsa bulauzi. Tinafika popatukira dzuwa lisanafike pamutu. Lole sikanatha kulowa mumchenga, ndiye a Filipo anandiperekeza wapansi m'njira ya ng'ombe mpaka tinamva injini ikugunda. Panali thanki, chomwera ng'ombe chachitali, mtengo umodzi waminga ndi kanyumba ka malata.

"A Damiano! Odi kuno!" anaitana a Filipo.

Kunalibe yankho. Chitseko chinali chotseka, chomangidwa ndi waya kuchokera m'kati. Pamchenga panali mapazi atsopano olowa, opanda otuluka, ndipo pamwala panali ndudu ikufukabe. Anali atationa tikubwera.

"Ndikankhe?" anafunsa a Filipo atakwiya. "Munthu wayenda ulendo wonsewu!"

"Ayi alamu, musakankhe. Pitani, katundu wachedwa kale. Mudzandipeza pobwerera."

Anakana kaye, koma ndinawaumiriza, ndipo anapita akucheukacheuka. Ndinakhala pansi pa mtengo waminga uja, kuyang'ana chitseko. Ndinati odi kamodzi kokha, osabwerezanso. Ng'ombe zinabwera ndi fumbi lake, zinamwa, zinapita. Mthunzi unasuntha, ine n'kusuntha nawo. Mtima unkandiuza kuti ndikagogode, ndifuule kuti ndine Malita, ndiwatukwane kumene, koma ndinakumbuka nkhalamba ija n'kukhala pansi. Dzuwa litapendeka ndinasendera pafupi, pamene munthu wosuzumira pa mng'alu akhoza kundiona bwino. Ndinamasula duku n'kuliika pamiyendo, mutu wanga wometa uli pamtunda.

Sipanapite nthawi, ndinamva waya akumasulidwa.

"Malita." Mawu anali okhakhala ngati a munthu amene sayankhula kawirikawiri. "Ndani?"

"Amayi."

Chitseko chinatseguka. Ine ulendo wonse ndinali nditanyamula m'mutu mnyamata wa tsitsi lakuda bii, wa masaya odzaza. Amene anatuluka anali bambo woonda, wakuda ndi dzuwa, tsitsi ndi ndevu zonse imvi zokhazokha, zosapesa. Anayenda pang'ono n'kukhala pamchenga, patali nane. Sanalire.

"Liti?"

"Mvula itangosiya."

"Anavutika?"

"Pang'ono. Ankakutchulani."

Anagwedeza mutu ngati ndawauza mtengo wa mchere. Ndinakumbuka mawu a a Filipo, ndipo ndinaona kuti sananame. Ndinamasula msonga ya chitenje n'kuwapatsa mbatata ija, itayamba kale kukwinyika. Anaitembenuza m'manja, anainunkhiza. M'timaso take munali mutatsalira dothi lakuda. Analikanda ndi chikhadabo n'kuliika pa lilime.

"Dimba la kumtsinje," anatero. "Kumunsi kwa nthochi."

Pamenepo ndi pamene anagwa chafufumimba. Analira ngati mwana, akuitana amayi, ine ndikulira nawo, injini ikungogunda.

Ndinawameta m'mawa mwake. Ndinawafotokozera za dzenje ndi mphero, ndipo sanatsutse, anangokhala pa chidebe n'kuweramitsa mutu. Madzi a pachitsimepo ndi amchere, sopo sachita thovu, ndiye lumo linkakoka ndipo ndinawacheka pawiri. Pansi ndinayala chitenje n'kuchipsinja ndi miyala, chifukwa mphepo inkafuna kulanda tsitsilo. Ndikumeta choncho ndinaona chipsera cha kuseri kwa khutu, chimene ndinawagenda ndi chitsononkho tili ana.

"Achimwene, tiyeni kumudzi," ndinatero. "Nyumba ya amayi ilipo. Lole ikubwera."

"Mnyamata uja ndinamugulula dzino alipo?"

"Alipo. Pano ndi wapampando wa dera lonse."

"Dzino anaikamo lina?"

"Ayi, mpata ulipobe. Akamayankhula pamsonkhano amaimba mluzu."

Anaseka, ndipo kuseka kwake kunali komwe kuja kwa kale, mpaka ndinaimitsa lumo. Kenaka anati, "Ndiye ukuganiza kuti waiwala? Lilime lake limagunda pampatapo tsiku lililonse. Ndikakafika sakatenga ine ndekha, Malita. Akatenga amuna ako, akatenga a Filipo, akafunsa amene anakupatsa njira."

Zimenezo zinali zoona.

Masiku amene ndinadikira lole tinkakhala pakhomo madzulo. Kuseri kwa kanyumbako kunali mauna a ntlole ambirimbiri, ndipo ankatuluka n'kumadumpha pafupi penipeni osaopa. Ndinawaseka achimwene kuti katswiri wa Kasina yense wafika pogonera masamba ouma ndiwo zikuvina pakhomo.

"Awa ndi anansi," anatero. "Ndinadyako nditangofika. Kenaka ndinayamba kuwaonerera, ndipo ndi amene anandiphunzitsa kukhala kuno. Usana tseka chitseko. Idya chimene wapeza. Za mtsinje usaganize, ukaganiza ludzu limakula."

"Amayi ankati ndinu kapeta, mudzatuluka ndi mvula."

Anasisita mutu wawo wometa.

"Kapeta ali ndi mwayi, kwawo mvula imabwera," anatero. "Ine ndinasiya kuganiza za kumudzi kuti ndikhale moyo. Ndinali nditatha bwinobwino. Tsono iwe wabwera ndi mbatata yakoyi."

Sanaiphike. Ndinawauza kuti iwola, iwo anati iwole.

Hutala ya a Filipo itamveka kumsewu, achimwene anandinyamulira kachikwama mpaka pamene mchenga umathera. Pa tala sanapondepo. Anapatsana moni ndi a Filipo, nawapepesa za chitseko chija. Kenaka anandigwira dzanja ndi manja awiri.

"Ukatseke dzenjelo, anthu adzole mafuta," anatero. "Ukawauze a Nachisale kuti ndameta."

Lole itanyamuka ndinawayang'ana pa galasi la pambali. Anali ataima pomwepo, mutu ukuwala ndi dzuwa, thumba la malaya litatupa ndi mbatata, mpaka fumbi linawaphimba.

Za pobwerera ndilibe zambiri. Tsitsi ndinalikulunga m'kansanza ka lumo kaja n'kulibisa m'duku, pamutu panga penipeni, poti mkazi wopezeka pa malire ndi tsitsi la munthu m'chikwama sangafotokoze zomveka. Chombo cha pa Kazungula chinali chamoyo, asilikali a pamigolo anapeza ndilibe chowapatsa. Mapiri a kwathu atayamba kuoneka ndinayang'ana mpando wa pakati pa ine ndi a Filipo, umene ndinali nditaukonzera munthu, ndipo panali chigubu.

Tinasonkhana pansi pa msuku m'mawa. A Nachisale anachotsa mphero, ine n'kumasula kansanza. Tsitsi lathu m'dzenjemo linali lakuda, ndipo la achimwene litagwera pamwamba linaoneka ngati phulusa.

"Mwana iwe, ili ndi la Damiano?" anafunsa a Nachisale. "Si la nkhalamba ina?"

"Ndi lawo, mayi."

Anagwira pakamwa. Ndinakankhira dothi ndi manja mpaka dzenje linadzaza. Amuna anga anabwera kuti apondere ndi chidendene monga amachitira, koma ndinawagwira mwendo. Ndinati lisiyeni lofewa choncho. Anthu anayang'anana, koma anandisiya, ndipo madzulo ake anadzola mafuta.

Zinthu zitasintha m'dziko muno, a Filipo anapatukanso pa chitsime chija. Anapeza mnyamata wina wa komweko akuyang'anira injini, ndipo iye anangoti bambo wa ku Malawi uja anasamukira m'kati mwa mchenga, ku ng'ombe zina. Mitambo ikayamba kuda kumapiri ndimapezeka ndaima kuseri kwa khola, kuyang'ana njira yochokera ku Linthipe. Dothi lija palibe analiponda, koma mvula ya chaka chomwecho inalitsendera yokha.